Kavalo Wosaoneka pa Phiri la Kambuku

M'gawo lachisanu la sewero loyimba la ku China lotchedwa Zhiqu Weihushan, kapena kuti Kulanda Phiri la Kambuku Mwanzeru, mawu a ngwazi amamveka mwini wake asanatulukire. Pasiteji pali mitengo ya paini yokutidwa ndi chipale chofewa, lipenga la ku Ulaya likulira pamodzi ndi mavayolini, ndipo kuseri kwa nsalu munthu akukweza mawu n'kuwakoka nthawi yaitali. Kenako Yang Zirong, msilikali wa Chikomyunizimu amene wadzisandutsa wachifwamba, amatulukira atanyamula chikoti. Kavalo palibe. Koma iye amakweza mwendo, kupendeketsa thupi, kugwedeza chikoticho, kudumpha n'kutera miyendo ili tang'a, ndipo aliyense m'holo amadziwa kuti kavalo wadzidzimuka pomva kubangula kwa kambuku. Seweroli, lomwe linajambulidwa pa filimu mu 1970 Tong Xiangling akusewera ngati Yang Zirong, linkalengezedwa kuti ndi chipatso cha nyengo yatsopano imene yafafaniza zonse zakale. Komatu kuyimba mzere woyamba uli kuseri kwa nsalu ndi mwambo wakale wa opera ya ku Beijing, ndipo chikoti choyimira kavalo chinali m'manja mwa akazembe a nkhondo a m'masewero a mafumu kalekale chipani cha Mao Zedong chisanabadwe.

Masewero amenewa, amene ku China amatchedwa yangbanxi, masewero achitsanzo, amaweruzidwa kawirikawiri m'njira ziwiri. Eni ake ankati anaphwasula nyumba yakale n'kumanga ina pamalopo. Odana nawo amati ndi mauthenga a chipani chabe amene anavekedwa nyimbo. Ine ndikuona kuti onse awiri akuphonya. Mafupa a sewero lachitsanzo, kutanthauza kayalidwe ka nyimbo, mitundu ya anthu osewera, kayendedwe ka thupi ndiponso nkhani zimene zimagwira mtima, anatengedwa ku opera yakale pafupifupi onse, ndipo mphamvu imene masewerowa akadali nayo imachokera kumeneko. Chimene chinasintha zenizeni ndi mwini sewero. Kale linali la woyimba ndi womuyimbira ng'oma. Kuyambira cha m'ma 1960 linakhala la boma, mpaka kaphethidwe ka diso komwe.

Kuyimba nkhani pasiteji ku China n'kwakale kwambiri. Anthu a zisudzo mpaka lero amadzitcha ana a Munda wa Mapeyala, pokumbukira sukulu ya oyimba imene mfumu Xuanzong, yomwe inalamulira kuyambira mu 712 mpaka mu 756, inakhazikitsa kunyumba yachifumu. Pa nthawi ya ulamuliro wa Amongolia, m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, kunakula zaju, sewero la magawo anayi limene munthu mmodzi yekha ndiye ankayimba ena akungoyankhula, ndipo mlembi wake wotchuka anali Guan Hanqing. M'zaka za m'ma 1500 kunabwera kunqu, nyimbo zofatsa zotsogozedwa ndi chitoliro, zokondedwa ndi anthu ophunzira. Koma opera ya ku Beijing siinatuluke m'nyumba za ophunzirawo. Mu 1790, pokondwerera kuti mfumu Qianlong yakwanitsa zaka 80, gulu la Sanqing la oyimba ochokera ku Anhui linafika mumzinda wa Beijing, ndipo silinabwererenso. Magulu ena atatu, Sixi, Chuntai ndi Hechun, analitsatira. Iwo anadza ndi mayimbidwe otchedwa erhuang. Patapita zaka makumi angapo oyimba a ku Hubei anabwera ndi ena otchedwa xipi, ndipo magulu a ku Anhui anawalandira, monga mmene analandirira nyimbo za kunqu ndi masewera odumphadumpha a m'misika. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 zosakanizazo zinali zitagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Choncho opera imene Jiang Qing, mkazi wa Mao, anadzaitcha yachikale inali isanakwanitse n'komwe zaka 200, ndipo inabadwa mwa kubwereka.

Imene inakhazikika inali opera ya malamulo ambiri ndi katundu wochepa. Pasiteji pankakhala tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Tebulolo likhoza kukhala phiri, mlatho kapena bwalo la milandu, malinga ndi mmene woyimba walizungulira. Osewera ankagawidwa m'mitundu inayi: sheng, amuna, dan, akazi, jing, amuna a nkhope zopakidwa utoto ndi mawu ogunda, ndi chou, wanthabwala wokhala ndi kachigamba koyera pamphuno. Mwana akalowa ntchitoyi ankaphunzira mtundu umodzi moyo wake wonse, ndipo ankayenera kudziwa kuyimba, kulankhula, kusewera ndi thupi ndiponso kumenya nkhondo. Nkhope yofiira inkatanthauza kukhulupirika, ngati ya Guan Yu, yoyera inkatanthauza ukathyali, ngati ya Cao Cao, moti oonerera ankamudziwa munthu asanatsegule pakamwa, monga mmene wa kwathu kuno amadziwira khalidwe la chilombo cha gule wamkulu chikangotulukira kudambwe. Mawu a nyimbo ankalembedwa m'mizere iwiriiwiri ya zilembo 7 kapena 10. Erhuang inali ya kusinkhasinkha ndi chisoni, xipi inali ya changu, mkwiyo ndi chimwemwe, ndipo iliyonse inali ndi liwiro losiyanasiyana, kuyambira lapang'onopang'ono mpaka lothamanga, kuphatikizapo lopanda muyeso limene woyimba amakoka mmene wafunira. Womuperekeza anali jinghu, kaligo wa zingwe ziwiri wa mawu akuthwa, ndipo wolamulira zonse anali mwini kang'oma kouma ndi timatabwa towombanitsa, amene maso ake sankachoka pa woyimba. Woyimbayo akaima chilili, maso ali tong'o, thupi litauma ngati chosema, ng'oma ndi zimbale zamkuwa zinkamenya pamodzi. Kaimidwe kameneko kamatchedwa liangxiang.

Chimene a Chikomyunizimu ankadana nacho si malamulowa ayi, koma anthu amene ankadzaza siteji. Ku Yan'an mu May 1942 Mao ananena kuti luso liyenera kutumikira antchito, alimi ndi asilikali, ndipo mu 1963 anadandaula kuti unduna wa zachikhalidwe ukungoonetsa mafumu, nduna, akazembe ndi akazi okongola. Pakati pa chaka cha 1964 ku Beijing kunachitika chionetsero chachikulu cha maopera a nkhani zamakono, pamene Jiang Qing anawerengera kuti dziko lili ndi magulu a zisudzo pafupifupi 3,000, ndipo oposa 2,800 mwa iwo akuyimbabe za mafumu ndi mizukwa. Ndale za m'chipani zinalowereranso. Mu November 1965 Yao Wenyuan anadzudzula sewero la Wu Han lonena za Hai Rui, nduna yachilungamo yakale imene inachotsedwa ntchito, ponena kuti ndi mwambi wonyoza atsogoleri a nthawiyo, ndipo nkhani imeneyo inakhala m'gulu la zimene zinayatsa moto wa Cultural Revolution, nyengo ya chipwirikiti cha ndale imene inatsatira. Pofika mu 1967 boma linali litalengeza zitsanzo 8: maopera 5, magule a bale awiri ndi nyimbo imodzi ya gulu lalikulu la zoyimbira. Zina zinawonjezedwa pambuyo pake, koma masewero akale onse anatsekedwa. Chofunika kuchiona n'chakuti pa maopera asanuwo panalibe imene Jiang Qing anaiyambitsa. Zhiqu Weihushan inatengedwa m'buku la Qu Bo la mu 1957 ndipo inali itaonetsedwa kale ku Shanghai mu 1958. Hongdeng Ji, Nkhani ya Nyali Yofiira, ndi Shajiabang zinachokera ku masewero oyimba a m'chilankhulo cha ku Shanghai. Ntchito yake inali yosankha, kudula ndi kubwezabweza.

Kayalidwe ka Zhiqu Weihushan kakusonyeza bwino zimene kudulako kunafuna. Seweroli lili ndi magawo 10, ndipo nkhani yake ikuchitika m'nyengo yozizira ya 1946 kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Limayamba ndi asilikali akusaka achifwamba, kenako limaonetsa mudzi ukufunkhidwa, kenako anthu osauka akudandaula, makamaka mtsikana Chang Bao amene wakhala zaka akudzibisa ngati mnyamata wosalankhula. Asilikali akapeza mapu achinsinsi amene mkulu wa achifwamba, wotchedwa Muimba, akuwalakalaka, Yang Zirong amadzipereka kukwera phiri yekha monamizira kuti ndi wosamalira akavalo wa gulu lina la achifwamba. Amayesedwa, amakhulupiriridwa, amatumiza uthenga, ndipo pamapeto, pa phwando la nkhuku 100 lokondwerera tsiku lobadwa la Muimba, asilikali amatulukira. Pamwamba pa nkhaniyi panaikidwa lamulo limene wopeka nyimbo Yu Huiyong analilemba mu 1968, la kukweza katatu: pa anthu onse kwezani abwino, pa abwino kwezani ngwazi, pa ngwazi kwezani ngwazi yaikulu. Motero magawo a achifwamba anafupikitsidwa, mpando wa Muimba unachotsedwa pakati n'kukankhidwira pambali, ndipo makhalidwe auchifwamba amene Yang Zirong ankatengera kuti asadziwike anafufutidwa, ngakhale kuti kazitape woyenda monyadira chilungamo chake m'phanga la achifwamba sangakhalitse. Ngwazi inkawalitsidwa ndi magetsi ofiirira, adani ankasiyidwa mumdima wobiriwira, atawerama. Koma tikayang'anitsitsa, uku n'kupaka nkhope kwakale komwe kuja, kungoti utoto wachoka pakhungu n'kupita pa magetsi. Nyimbo zazitali zonse zinapatsidwa kwa ngwazi, ndipo zimayenda mwa dongosolo lakale: mzere wopanda muyeso, kenako liwiro lofatsa, kenako lothamanga, n'kuthera pa liangxiang. Ngakhale munthu wolimba mtima wokwera yekha kulinga la achifwamba pofuna kuwapusitsa analipo kale m'masewero akale onena za Huang Tianba.

Hongdeng Ji ndiyo ikuonetsa poyera kuti ngakhale misozi inali yobwereka. M'gawo lachisanu mwa magawo 11, Li Yuhe, wogwira ntchito panjanji amene akubisa uthenga wachinsinsi wa chipani pa nthawi ya nkhondo ndi Japan, watengedwa ndi apolisi. M'kanyumba mwatsala agogo ndi mdzukulu wawo Tiemei wa zaka 17. Agogowo amamukhazika pansi n'kumuuza kuti atatuwo si a magazi amodzi: bambo ake enieni anaphedwa pa sitiraka ya a panjanji ya mu 1923, ndipo amene amawatcha bambo anamutola ali khanda. Mtsikanayo amanyamula nyali yofiira n'kulumbira kuti adzamaliza ntchitoyo. Chipani chinkaphunzitsa kuti phunziro la pamenepa n'lakuti ubale wa anthu oponderezedwa umaposa wa magazi. Koma munthu wozolowera zisudzo ankaonanso china. Sewero la Ji Junxiang la m'nthawi ya Amongolia, la mwana wamasiye wa banja la Zhao, limanena za khanda lopulumutsidwa pamene mtundu wake wonse unaphedwa, loleredwa ndi munthu amene si bambo ake, limene litakula limauzidwa mbiri yake n'kulipsira. Kukhulupirika, kulemekeza makolo ndi ngongole ya magazi n'zomwe zija. Mbuye yekha ndiye wasintha. Osewera nawonso anagawidwa mwa mitundu yakale, ngakhale dzina la mitunduyo linkapewedwa. Agogo Li amayimba mwa kayimbidwe ka dan wokalamba. Hatoyama, mkulu wa apolisi a Japan, anapatsidwa kwa Yuan Shihai, katswiri wa jing amene anthu ankamudziwa posewera Cao Cao.

Wina anganene kuti ndikuchepetsa zinthu zimene zinasinthadi, ndipo ali ndi umboni. Tebulo ndi mipando iwiri zinalowedwa m'malo ndi nkhalango zojambulidwa ndi nyumba zooneka zenizeni. Mikanjo ya manja aatali, ndevu zokoloweka ndi nsapato zazitali zinachoka. Chilankhulo chapasiteji chakale, chimene munthu wamba ankavutika kumva, chinasiyidwa n'kuyamba kulankhula pafupi ndi mmene anthu amalankhulira. Amuna anasiya kusewera ngati akazi. Koposa zonse, pambali pa jinghu panakhala mavayolini, malipenga ndi zitoliro za ku Ulaya, ndiponso tinyimbo tobwerezedwa tozindikiritsa munthu aliyense. Zonsezi n'zoona. Koma kubwereka n'kumene kunabala opera ya ku Beijing, ndipo kuvala zamakono sikunayambe mu 1964: Mei Lanfang, dan wotchuka kuposa onse, anayesa masewero a zovala zamakono m'zaka za m'ma 1910, n'kuwasiya ataona kuti manja ndi mapazi ophunzitsidwa mikanjo akusowa chochita. Vuto limene linamugonjetsa ndi limene opanga masewero achitsanzo analimbana nalo zaka zambiri, ali ndi ndalama za boma ndi akatswiri osankhidwa m'dziko lonse, ndipo mwa zina analithetsa. Chikhotho cha Yang Zirong chimapetedwa ndi kukupizidwa ngati mkanjo wa kazembe. Zoyimbira za ku Ulaya zimajambula mphepo ndi mapiri, koma woyimba akangotsegula pakamwa zimabwerera m'mbuyo, jinghu ndi kang'oma n'kutenga malo awo. Pamene Yu Huiyong ndi anzake anaphwanya mwambo, mwachitsanzo posamutsa nyimbo ya m'gawo lachisanu lija kuchoka ku erhuang kupita ku xipi isanathe, anachita zimenezo ngati anthu oudziwa mwambowo mpaka kumizu.

Kuduka kwenikweni kunali kwina. Opera yakale inalibe sewero limodzi lokhazikika. Katswiri aliyense wamkulu ankaumba kayimbidwe kake, ophunzira ake n'kukatenga ngati mtundu wa banja: panali kayimbidwe ka Mei, ka Cheng, ka Ma, ka Qi, ndipo okonda zisudzo ankapita kukamva mmene uyu akokera mzere umene anaumva kale kambirimbiri kwa ena. Woyimba akatalikitsa mawu usiku umenewo, wa ng'oma ankamutsatira. Gulu la zoyimbira makumi angapo silingatsatire munthu mwanjira imeneyo. Limafuna nyimbo yolembedwa papepala. Ndipo nyimbo ikalembedwa, boma likhoza kuisindikiza chidindo. Mabuku a masewero achitsanzo ankafotokoza mawu, nyimbo, zovala, magetsi ndi poima munthu aliyense, mafilimu anakhala muyeso wa dziko lonse, ndipo gulu la kumudzi losintha kanthu likanatha kuimbidwa mlandu wowononga sewero lachitsanzo. Wanthabwala, amene kale yekha anali ndi ufulu woponya mawu a tsikulo ndi kuseka akuluakulu, anatsala wongosewera mdani wamantha, monga mmene Sun Zhengyang anachitira posewera wachifwamba Luan Ping. Chikondi cha mwamuna ndi mkazi chinatheratu. M'banja la Li mulibe ukwati, ndipo mwamuna wa mayi wogulitsa tiyi wa mu Shajiabang amangotchulidwa kuti anapita ku Shanghai kukachita malonda. Ngwazi sikayika, silakwa, siphunzira kanthu. Imafika pasiteji ili yokwanira kale. Opera yakale inali ndi akazembe ogonja, mafumu opusa ndi anthu abwino olakwitsa, ndipo zimenezo n'zimene zinadulidwa.

Palinso amene anganene kuti kulankhula za luso la masewerowa n'kupaka mafuta nkhanza, ndipo chenjezo lawo ndi lolemera kuposa loyamba lija. Ma Lianliang, amene anasewera Hai Rui, anazunzidwa n'kumwalira mu December 1966. Wu Han anafera m'ndende mu 1969. Zhou Xinfang, mwini kayimbidwe ka Qi, anamangidwa ndipo anamwalira mu 1975 asanayeretsedwe. A Jia, amene anakonza Hongdeng Ji, anachotsedwa n'kuzunzidwa sewero lake likuyimbidwa m'dziko lonse. Wolemba mabuku Ba Jin ananena atakalamba kuti kumva nyimbozi kunkamubweretsera maloto oopsa, popeza zinkalira pa zokuzira mawu m'masiku amene anthu ankamenyedwa. Sitingadzitonthoze ponena kuti mafumu nawonso ankalowerera zisudzo, ngakhale n'zoona kuti Qianlong analetsa akazi kukwera siteji mu 1772 ndipo mu 1785 analetsa mayimbidwe a qinqiang mu Beijing. Mafumu ankaletsa ichi n'kusiya icho. Sanatsekepo zonse n'kusiya zawo zokha. Koma kuvomereza nkhanza sikufuna kuti tinene bodza lakuti masewerowa anali opanda luso. Bodza limenelo limam'patsa Jiang Qing ulemu umene ankaufuna, wakuti ndiye mwini wake, pamene anawapanga ndi anthu oleredwa m'mwambo wakale, ena akugwira ntchito ali ndi chingwe m'khosi. Wang Zengqi, amene analemba mawu ambiri a Shajiabang, anali atatchedwa kale mdani wa chipani mu 1958. Yu Huiyong anakwera mpaka kukhala nduna ya zachikhalidwe mu 1975, ndipo Jiang Qing ndi anzake atamangidwa mu October 1976, iye anadzipha chaka chotsatira.

Chotsutsa chotsiriza n'chakuti anthu anakonda nyimbozi chifukwa panalibe zina. Ku China kunali nthabwala yowawa yakuti anthu 800 miliyoni akuonera masewero 8. Kwa mbadwo umene unakula nazo zimenezo n'zomveka. Koma zikanakhala choncho basi, masewero onse akanatsala mofanana, chifukwa onse anakakamizidwa mofanana. Sizinatero. Haigang, sewero la padoko la Shanghai limene nkhani yake yagona pa thumba la tirigu lowonongedwa ndi mdani wobisala, silionetsedwa kawirikawiri masiku ano. Chimene chimayimbidwabe m'mapaki, m'maphwando ndi pa wailesi yakanema ndi gawo lachinayi la Shajiabang. Mkazi wa A Qing, mwini nyumba ya tiyi amene akubisa asilikali a Chikomyunizimu 18 ovulala m'mabango a m'nyanja, akulandira alendo awiri: Hu Chuankui, mkulu wodzitama wa asilikali a adani amene mayiyu anamupulumutsapo pomubisa mu mtsuko wa madzi, ndi Diao Deyi, mlangizi wake wochenjera amene akumukayikira. Mayiyo akuthira tiyi ndi kuyatsa fodya, ndipo atatuwo akuyimba mosinthana, aliyense akuuza omvera za mumtima mwake ngati kuti anzakewo sakumva. Imeneyi ndi njira yakale kwambiri ya opera ya ku Beijing. Hu akugunda ndi mawu a jing, Diao akuyimba mosalala ngati sheng wachikulire, mayiyo akuwazemba onse awiri mwaulemu. M'gawo limeneli adani apatsidwa nyimbo zokoma, ndipo ngwazi yaikulu imene Mao analangiza kuti ikwezedwe, mkulu wa asilikali Guo Jianguang, ili kutali m'mabango, siikuoneka n'komwe.